Mbande za mpunga zapinimbira pa nazale, feteleza sakuthandiza

Mlangizi wa ku Nkhata Bay: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kalabu ina kuno inafesa Kilombero pa nazale yapamtunda, dothi lofiira lija, m'mphepete mwa dambo. Patha masiku 16 koma mbande zangoima, masamba ang'onoang'ono, ena akuoneka ofiirira. Anathira Sulphate of Ammonia sabata yatha, zinthu zangoipiraipira. Madzi amathirira m'mawa ndi madzulo. Mbewu ndi yomweyo anafesa anzawo kumunsi, kumeneko ikukula bwinobwino.

Mlangizi wa ku Karonga: Achimwene, masamba asiyeni kaye. Zulani mbande zisanu, mutsuke mizu, mutiuze momwe ikuonekera.

Mlangizi wa ku Nkhata Bay: Ndazula. Mizu ndi yaifupi, yonenepa, nsonga zake zabulauni, ikuthyoka ukangoigwira. Timizu tatsitsi tija palibe.

Mlangizi wa ku Domasi: Ine ndikuganiza kuchuluka kwa ayironi (chitsulo) m'dothi. Kuno amatisautsa chaka ndi chaka.

Mlangizi wa ku Karonga: Ayi amayi, ayironi amavuta m'munda womwe madzi adikha nthawi yaitali, ndipo amayamba ndi timadontho tabulauni pa masamba akumunsi. Iyi ndi nazale youma. Mizu yotereyi ine ndimaloza aluminiyamu. Achimwene, muli ndi koyezera pH, muyeso wa asidi m'dothi uja, woti nambala ikachepa ndiye kuti asidi wachuluka?

Mlangizi wa ku Nkhata Bay: Ndabwereka timapepala toyezera tija. Pa nazale pakubwera cha m'ma 4.5, kumunsi kwa anzawo cha m'ma 6.

Wakale wa ku Salima: Basi nkhani yatha pamenepo, ana anga. Aluminiyamu ali m'dothi lililonse, koma amakhala phee, womangika. pH ikatsika kufika pansi pa 5.5 amayamba kusungunuka, ikafika pansi pa 5 ndiye amaluma zenizeni. Amagwira kunsonga kwa muzu, pomwe muzu umakulira, muzuwo nkuleka kutalika. Mbande yopanda mizu singamwe madzi kapena kudya feteleza ngakhale mumuunjike. Amamanganso fosifolasi m'dothimo, n'chifukwa chake masamba akufiirira. Ndiye Sulphate of Ammonia amene anathirayo amawonjezera asidi, kunali kuthira mafuta pamoto. Mpunga umapirira aluminiyamu kuposa tirigu kapena mapira, koma mbande ya masabata awiri ilibe mphamvu zimenezo.

Mlangizi wa ku Domasi: Nanga kumunsiko zikukuliranji, poti ndi dera limodzi?

Wakale wa ku Salima: Madzi, mayi. Dothi la asidi likamira kwa masabata angapo, pH imakwera yokha kuyandikira 6.5 kapena 7, aluminiyamu nkumangikanso. Ndiye chifukwa m'masikimu vutoli simulimva kwambiri, limabisala pa nazale youma ndi pa mpunga wapamtunda.

Mlangizi wa ku Nkhata Bay: Ndiwauze chiyani mawa, bambo? Laimu wochepetsa asidi m'dothi kuno ndi wovuta kupeza, ndipo ndalama anathera feteleza uja.

Mlangizi wa ku Karonga: Pitani ku chigayo cha mpunga mukatenge mankhusu. Mpunga ndi mbewu yokonda silikoni modabwitsa, imatha kusunga mpaka 10 peresenti ya kulemera kwa phesi louma. Phulusa la mankhusu pafupifupi lonse ndi silika, momwe muli silikoniyo. Silikoni akakumana ndi aluminiyamu, m'madzi a m'dothi komanso m'khungu la muzu, amagwirana, aluminiyamu nkuchepa ukali. Amalimbitsanso tsinde ndi tsamba, mpunga sugwa wamba ndipo matenda a mpunga a blast salowa mosavuta. Kilombero ndi wamtali, kugwa mukukudziwa.

Wakale wa ku Salima: Zoona, koma mutenthe mwaulemu. Moto ukhale wofuka, mankhusu ade bii ngati makala, asataye maonekedwe ake. Mukawasiya pa moto waukali mpaka kuyera mbee, silika amauma ngati mchenga, mbewu siimupeza msanga. Ndipo musawalonjeze zambiri alimiwo. Phulusa limachepetsa ululu ndipo limakweza pH pang'ono, koma pa 4.5 sililowa m'malo mwa laimu. Mbande zimene zaonongeka mizuzo zisiyeni, mukaziwokera zidzakuchedwetsani. Fesaninso kumunsi pomwe pali matope, musakanize phulusa lakudalo ndi manyowa owola bwino m'dothi lapamwamba musanafese. Nazale ikufunika malo ochepa, ngolo imodzi ya mankhusu ikwana.

Mlangizi wa ku Domasi: Ndiwonjezere apa: akakolola asamatenthe mapesi kapena kuwachotsa onse. Silikoni yemwe mpunga watenga m'munda ali m'mapesimo, abwerere komweko. Dothi la pamtundapo mutumize ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze akaliyeze bwino, timapepala timangopereka chithunzithunzi.

Mlangizi wa ku Nkhata Bay: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi wapampando, agwirizana zofesanso Lachinayi kumunsi. Bedi limodzi tisiya lopanda phulusa kuti aone okha kusiyana kwa mizu pakatha masiku 14. Vuto latsala ndi mankhusu: mwini chigayo akuti oweta nkhuku anagula kale onse a sabata ino.

Mlangizi wa ku Karonga: Funsani kuseri kwa chigayocho, pamakhala mulu wakale wonyowa womwe ankhuku amaukana. Muuyanike masiku awiri, upsa bwinobwino.