Banja likufuna Cape Town sabata ya mawa, mkati mwa Julaye: ndikonze bwanji?

Nachisale (Lilongwe): Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru, nthawi yandithera. Kasitomala wanga wakale wabwera m'mawa uno, akufuna ulendo wa ku Cape Town, kunyamuka Loweruka la sabata ya mawa, kukagona masiku 7. Ndi anthu atatu: bambo, mayi, ndi amayi awo a mayiwo, gogo a zaka za m'ma 70 amene amayendera ndodo ndipo amamwa mankhwala a BP. Ulendowu ndi mphatso ya gogowo, ndege sanakwerepo. Zimene akufuna ndi Table Mountain, Robben Island, mapengwini, anangumi, minda ya mphesa, ndipo akuti kukatheka aonenso sinowo. Pamene pavuta ndi apa: bambowo akufuna pepala lolembedwa tsiku ndi tsiku, Lolemba apa, Lachiwiri apo, ndipo alipire zonse konkuno mu makwacha chifukwa khadi lawo silingatulutse ndalama zambiri kunja. Cape Town imene ndimagulitsa ine ndi ya Disembala. Ya Julaye ndiyambira pati?

aGondwe (Mzuzu): Achemwali, musanagwire china chilichonse, mapasipoti atatuwo mwawaona ndi maso anu? Makamaka ya gogo. Amalawi timalowa South Africa popanda viza mpaka masiku 30, apo palibe vuto. Koma pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lotuluka m'dzikomo, ndipo ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Asindikizireninso tikiti yobwerera ndi adiresi ya kogona, asadalire foni pa kauntala.

Nachisale: Onse atatu ali pa desiki panga pano, aGondwe. Ya gogo ndi yatsopano.

aMbewe (Blantyre): Ndiye gwirani ndege lero lomwe, mipando ya masiku ochepa chonchi imakwera mtengo usiku umodzi. Kuchoka KIA ku Lilongwe kufika OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, ndi maola awiri ndi pang'ono, kenako Johannesburg mpaka Cape Town enanso awiri. Yesetsani zonse zikhale pa tikiti imodzi. Ndikudziwa kuti kugula ndege ya m'katimo payokha kumatchipa, koma yoyamba ikachedwa, yachiwiriyo yapita ndi ndalama zake, ndiye muli ndi nkhalamba pa bwalo la ndege usiku. Pa OR Tambo ayenera kudutsa immigration, kutenga katundu, kudutsa kasitomu, ndi kumuperekanso ku domestic. Ine ndikakhala ndi munthu woyendera ndodo sindisiya mpata wochepera maola atatu. Ikaninso pempho la wilutcheya mu bukingi. Afunseni ngati gogo angakwere masitepe a ndege okha: ngati angathe, khodi ya pempholo ndi WCHR, ngati sangathe ndi WCHS. Gogo akhoza kukana kuti ine ndine wamphamvu, koma bwalo lija ndi lalitali kwambiri, auzeni mwaulemu.

Nangozo (Cape Town): Ndalowa mochedwa, ndinali ndi alendo. Anachisale, pepala la Lolemba apa Lachiwiri apo lija musalembe, chonde. Ndi limene lidzakuyambanitseni ndi kasitomala wanu.

Kuno mvula imagwa nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, mosiyana ndi kwathu. Ndipo si chiperoni cha ku Thyolo chongowaza ayi. Imabwera kuchokera kunyanja ndi mphepo yamphamvu, imakhala tsiku limodzi, awiri, nthawi zina atatu, kenako kumayera bwinobwino mpaka ina ibwere. Masana kumafika madigiri 17 kapena 18, usiku kumatsikira cha ku 7 kapena 8. Dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, isanakwane 6 madzulo lalowa, ndiye tsiku ndi lalifupi.

Tsono onani zimene akufunazo. Cable car ya Table Mountain, ngolo yoyenda pa chingwe yokweza anthu pamwamba pa phiri, amaitseka mphepo ikakula, ndipo ngakhale ikuyenda, phiri likavala mtambo pamwambapo simuona kanthu. Amaitsekanso chaka ndi chaka kuti aikonze, kawirikawiri kuyambira chakumapeto kwa Julaye, choncho tsegulani webusaiti yawo muone masiku a chaka chino musanalonjeze. Boti la ku Robben Island nyanja ikakalipa silinyamuka, ndipo uthenga umatha kubwera m'mawa womwewo. Msewu wa Chapman's Peak, wokongola uja wa m'mbali mwa nyanja, nawo amautseka mvula ikachuluka poopa miyala yogumuka. Mwa zinthu zimene banjali lalipirira ndege, zitatu zili m'manja mwa nyengo.

aGondwe: Ndikumva, Anangozo, koma ndikutsutsani pang'ono. Munthu amene watulutsa mamiliyoni sungamupatse pepala loti tidzaona komweko. Adzaganiza kuti sitinagwire ntchito. Komanso matikiti a Robben Island amagulidwa a tsiku ndi ola, ndipo masukulu a kumeneko amakhala pa holide chakumayambiriro ndi pakati pa Julaye. Akadikira kuti aone kumwamba kaye, apeza boti ladzaza.

Nangozo: Pa Robben Island mukunena zoona. Imeneyo yokha igulidwe pano, koma iikidwe koyambirira, Lolemba m'mawa. Likalephera boti, atsala ndi masiku anayi osinthira. Mukaiika Lachisanu n'kulephera, abwerera kumudzi osaona chipinda chimene Mandela anakhalamo, pachilumba pamene anatha zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake. Ulendo wonsewo, kuchokera pa Nelson Mandela Gateway ku V&A Waterfront mpaka kubwerera, umatenga pafupifupi maola anayi. Pachilumbapo amayenda pa basi, koma m'ndendemo ndi wapansi, ndiye gogo adye kaye ndipo avale zofunda.

Pepala lilembedwe ndithu, lokongola, koma likhale ndi magulu awiri. Masiku owala: Table Mountain, Cape Point ndi mapengwini, Hermanus kwa anangumi. Masiku a mvula: Two Oceans Aquarium, District Six Museum, Zeitz MOCAA (nyumba yoonetsera zaluso), Castle of Good Hope, ndi minda ya mphesa ya ku Stellenbosch kapena Franschhoek, poti kumeneko zambiri ndi za m'nyumba, kudya pafupi ndi moto. Pansi pake mulembe kuti madzulo aliwonse dalaivala adzawaimbira kuwauza za mawa. Ndipo lamulo limodzi: m'mawa woyamba umene phiri laonekera lonse, china chilichonse chiimitsidwe, apite kuphiri. Tikiti yake imagulidwa pa intaneti m'mawa womwewo.

Nachisale: Apa ndayamba kuona njira. Koma ndalama ndizilipira bwanji ngati masiku sakudziwika? Ma tour ambiri amene ndaona pa intaneti amafuna deti.

aMbewe: Musagule ma tour a gulu. Lembani dalaivala mmodzi ndi galimoto yake, masiku anayi mwa asanu ndi awiriwo, osatchula kuti ati, kuphatikizapo kuwatenga ndi kuwabwezera ku bwalo la ndege. Anthu atatu pa tour ya gulu katatu kapena kanayi, mukawerengera, kusiyana kwake si kwakukulu, ndipo basi ya gulu siidikira gogo. Nyengo ino madalaivala ntchito ndi yochepa, avomera. Zobwereka galimoto iwalani. Bambowo akhoza kuyendetsa, poti nakonso ndi kumanzere ngati kuno, koma makampani obwereketsa amatsekera depoziti pa khadi, ndipo khadi ndi limene lavuta kale.

Kumbali ya forex, pemphani invoisi imodzi kwa opareta wa kumeneko, yokhala ndi kogona, galimoto ndi Robben Island, mupite nayo ku banki mawa m'mawa. Masiku ano simungadziwe kuti akupatsani liti, ndiye musadikire Lolemba. Kotesheni yanu ya makwacha mulembepo kuti ikugwira maola 48 okha. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zimene khadi lawo lingakwanitse zisungidwire chakudya, zipata ndi cable car.

Nabanda (Lilongwe): Ndiponyeko za sinowo. Bwanji osawadutsitsa ku Lesotho? Afriski, malo osewerera pa sinowo, imakhala yotsegula Juni mpaka Ogasiti, ndipo kumeneko aiona ndithu.

Nangozo: Kwa achinyamata ndikanavomera, achemwali. Koma malo aja ali pamwamba kupitirira mamita 3,000, misewu ndi yokhotakhota, ndipo ndi kufupi ndi Johannesburg, osati kuno. Angadye masiku atatu a ulendowu. Munthu wa zaka za m'ma 70 wa BP ine sindingamukweze kumeneko.

Kuno sinowo imagwa pa mapiri a Ceres ndi Worcester kukadutsa kuzizira kwakukulu. Anthu amathamangira ku Matroosberg, ulendo wa maola awiri ndi theka kapena kuposa, ndipo tsiku lotero magalimoto amachita mzere. Ikagwa iwo ali kuno, dalaivala awatengere mbali imeneyo, gogo aione nsonga zoyera ali m'galimoto yofunda, achinyamatawo akafuna atsike. Koma pa pepala musailembe ngati chinthu cholipiridwa. Muwauze pakamwa kuti ikabwera ndi mwayi wawo.

Anangumi nkhani yake ndi yabwinoko. Amafika kuyambira Juni mpaka Novembala, ndipo amachuluka Ogasiti mpaka Okutobala, choncho Julaye ndi koyambirira koma amaoneka. Hermanus ili pafupifupi makilomita 120 kuchokera mu mzinda. Ubwino wake ndi woti amaonekera pamtunda, pa kanjira ka m'mphepete mwa matanthwe, pali ndi mabenchi. Boti la anangumi gogo asakwere. Pobwerera adzere Clarence Drive, msewu wa m'mbali mwa nyanja, ngati kwawala.

Nachisale: Za Lesotho ndazichotsa. Nanga kogona? Ndinapeza nyumba yokongola ku Tamboerskloof, mtengo wabwino, zithunzi zake phiri lili pakhomo.

Nangozo: Phiri lili pakhomo chifukwa nyumbayo ili pa chitunda. Misewu ya kumeneko ndi yotsetsereka, nyumba zambiri ndi za masitepe, ndipo kukanyowa ndodo imaterera. Newlands ndi Claremont nakonso ayi, ndi kumene mvula imagwa kwambiri. Funani Sea Point kapena Green Point. Ndi pathyathyathya, mashopu ali pafupi, Waterfront ndi mphindi zochepa pa Uber, ndipo mvula ikakata masana gogo atha kuyenda pang'ono m'mbali mwa nyanja. Agone malo amodzi masiku onse 7, zosamukasamuka ndi masutikesi m'mvula ayi.

Chimene alendo ochokera kwathu amadandaula kwambiri si kunja, ndi m'nyumba. Nyumba zambiri kuno zinamangidwira chilimwe, matailosi pansi, mawindo aakulu, zotenthetsera palibe. Musanalipire funsani ndipo akuyankheni polemba: muli hita m'chipinda chilichonse chogona? Bulangete lamagetsi lilipo? Lifiti ilipo, kapena chipindacho ndi chapansi? Kubafa ndi shawa yolowa choyenda kapena ndi bafa lofuna kukweza mwendo? Magetsi akazima pali inveta kapena jenereta, ndipo lifiti imayenda? Akazengereza kuyankha limodzi mwa amenewa, pitani kwina, nyengo ino malo ndi ambiri ndipo mitengo ndi yotsika kuposa Disembala.

Nabanda: Ndiwonjezepo, itengeni apatimenti ya khitchini. Gogo akadya buledi ndi tchipisi masiku atatu ayamba kufunsa za kunyumba. Ufa wa chimanga ukupezeka mu Shoprite, Checkers ndi Pick n Pay monse, mayiwo aphika nsima madzulo, ndipo ndalama ya pa khadi ikhalitsa. Funsaninso ngati amafuna depoziti pofika ndi kuchuluka kwake, asakadzidzimuke pa risepishoni.

aGondwe: Chabwino, za magulu awiri mwandigonjetsa, bola pepalalo lioneke kuti munthu anakhalira pansi. Langa lomaliza ndi inshuwalansi. Werengani malire a zaka ndi zimene akunena pa matenda amene munthu ali nawo kale, BP ilembedwe poyera pofunsira. Zipatala zapulayiveti kumeneko ndi zodula kwambiri. Mankhwala a gogo akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, ndi kalata ya dokotala, okwanira masiku 10.

Nangozo: Tsiku la Cape Point atenge mapasipoti enieniwo, osati fotokope. Pa chipata cha Cape Point ndi pa Boulders Beach ku Simon's Town, SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dzikolo, ili ndi mtengo wa nzika za SADC, wotsika kuposa wa alendo a kutali, koma popanda pasipoti alipira wonse. Pa Boulders pali tinjira ta matabwa mpaka pamene pali mapengwini, gogo afika bwino. Ku Cape Point akwere funicular, kasitima kokwera chitunda, ndipo masitepe otsala opita ku nyali ya pamwamba awasiyire ana. Chakudya chisaoneke m'manja, anyani a kumeneko amalanda. Anyamuke 8:30 kuti mdima usawapeze m'njira. Mapulagi athu a makona anayi salowa m'masoketi a kuno, muwagulire ma adaputa awiri.

Nachisale: Ndangotsika pa foni ndi bambowo. Poyamba anaumirira za madeti, koma nditawafotokozera za boti ndi mphepo anafunsa okha kuti nanga likalephera Lolemba tisinthira liti. Avomera magulu awiri, avomera kuti sinowo isalembedwe. Ndege ndagwira pa tikiti imodzi, mpata wa pa OR Tambo ndi wokwanira, WCHR ndaika. Ndatumiza mafunso asanu aja ku maapatimenti atatu a ku Sea Point, awiri ayankha kale, imodzi ili ndi zonse kupatula bulangete lamagetsi. Anangozo, mungandipezere kotesheni ya dalaivala wa masiku anayi usiku uno, kuti invoisi ikhale imodzi ndisanapite ku banki?

Nangozo: Ifika isanakwane 9. Ndipempha wa galimoto yosakwera kwambiri kuti gogo asavutike polowa. Bulangetelo lisakulepheretseni, auzeni eni nyumba aike mabotolo a madzi otentha awiri, kapena dalaivala adzawaimitsa pa shopu pochokera ku bwalo la ndege. Munditumizire nambala ya ndege ndi ola lofika, ndipo muwauze mayiwo kuti gogo abwere ndi nsapato zotseka za mphira pansi, jekete losalowa madzi ndi chipewa chofunda. Ambulera asavutike nayo, mphepo ya kuno imaithyola.