Polo Vivo yazimiratu magetsi onse nditangosintha sitata

A Nkhoma, Jeppestown:
Akuluakulu, ndithandizeni chifukwa mutu wanga waima. Dzulo masana ndinasintha sitata ya Polo Vivo 1.4, ndipo nditamanga zonse galimoto yangoti zii. Pa dashboard palibe nyali ngakhale imodzi, hutala sakulira, ma hazard sakuphethira, central locking nayo yakana. Batire likuwerenga mavoti 12.5 pa mita yoyezera magetsi ndipo mafiyuzi a m'kati ndawaona onse, ndi abwinobwino. Mwini wake akuimba foni ola lililonse kundikumbutsa kuti galimoto yake inabwera ikuyaka magetsi, ndipo sakunama.

A Mbewe, Booysens:
Imeneyo ndi earth, achimwene. Mwaiwala kubwezera chingwe cha pa giyabokosi, chimene moto umabwererapo kupita ku negative ya batire.

Mayi Nachisale, Malvern:
A Nkhoma, 12.5 imeneyo mwaiyeza pati, pa mitu ya batire kapena pa ma clamp amene amagwira mituyo? Mita imakoka moto wochepa kwambiri, kotero imatha kuonetsa mavoti okwanira ngakhale moto ukudutsa pa kawaya kamodzi kotsala pang'ono kuduka. Tengani babu la headlamp, mulilumikize ndi mawaya awiri, ndipo muyambe pa mitu ya batire yeniyeniyo mita ili pomwepo. Mavoti akagwa babu litangolumikizidwa, batire lafa m'kati. Likayaka bwino, sunthani waya wofiira kupita pa clamp, kenako mbali zonse ziwiri za mafiyuzi a chitsulo amene ali pamwamba pa batire, mpaka mupeze pamene babu likuzimira. Mafiyuzi amenewo amachita mng'alu wosaoneka ndi maso, makamaka munthu akakanula bokosi lake mwankhanza pochotsa batire. Komanso mundiyankhe moona: negative ya batire inali yochotsa nthawi yonse imene munkagwira ntchito?

A Nkhoma:
Mayi, ndinaichotsa poyamba, koma mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anaibwezera ine ndili pansi pa galimoto, poganiza kuti ndamaliza. Sipanala ya 13 inali pa nati ya terminal 30, pamene chingwe chachikulu chochokera ku batire chimamangidwa pa sitata, ndipo inagunda giyabokosi. Kunathetheka kamodzi, sipanalayo yachita kubooka pamlomo.

Mayi Nachisale:
Mukanayamba ndi zimenezo. Chingwe chachikulu cha sitata chimachokera pa batire osadutsa pa fiyuzi iliyonse, choncho moto wonsewo unapsereza malo ofooka amene unawapeza, kaya ndi clamp ya dzimbiri, kaya ndi m'kati mwa batire.

A Mbewe:
Ine ndagwira magalimoto kuyambira ndili ku Ndirande, ndipo ndikubwereza kuti ndi earth.

A Gondwe, Rosettenville:
A Mbewe, chingwe cha pa giyabokosi chikatsala, sitata ndiyo imakana kuzungulira, koma hutala ndi ma hazard zimagwirabe ntchito chifukwa zimabwezera moto kudzera m'thupi la galimoto. Mukananena za pamene negative imamangidwa ku thupi, tikanamvana.

Changa ndi chenjezo basi. A Nkhoma, mukapeza fiyuzi yopsa musailumphe ndi waya, ngakhale kasitomala atakugwadirani. Ndili wongofika kumene kuno ku Joni ndinkagwira pa galaja ina kumene bwana analumpha fiyuzi yaikulu ya Corolla ndi waya wa welding, akuti pofuna kuti mwini wake akangofika kunyumba. Galimotoyo sinafike patali, inaima pa msewu wa M2 utsi uli tolotolo kuchokera pansi pa boneti, ndipo harness, mtolo wa mawaya a galimoto, inasungunuka mpaka kuseri kwa dashboard. Ndinakhala sabata yathunthu ndikusenda tepi wopsa ndi kulumikiza mawaya limodzilimodzi, malipiro osaoneka, ndipo fungo la pulasitiki linakanirira m'ovolosi mpaka ndinaitaya. Musanaike fiyuzi yatsopano, ikani test lamp, babu loyesera moto, m'malo mwake zonse zili zozima. Ikawala kwambiri, short ikadalipo. Muonenso ngati chingwe cha pa terminal 30 sichinapotoke n'kukhudza thupi la solenoid (swichi ya pa sitata), ndiponso ngati kampira kovindikira natiyo munakabwezera.

Mayi Nachisale:
Ndiwonjezere kuti musathamangire kudumphitsa moto kuchokera ku galimoto ina musanadziwe pamene pafa. Batire limene laduka m'kati likhoza kuthetheka pamene pali mpweya wa hydrogen n'kuphulika, ndipo mukasemphanitsa zingwe chifukwa cha phuma muotcha ma diode a alternator, mwinanso ECU, kompyuta ya injini, imene mtengo wake sungafanane ndi wa sitata. Magetsi akabwerera, yezani kugwa kwa mavoti pa chingwe chilichonse pamene mukuliza injini. Kukaposa mavoti 0.5, chingwecho kapena polumikizira pake si pabwino.

A Mbewe:
Zonsezo n'zabwino, koma tengani jumper imodzi, chingwe chodumphitsira moto, muimange pa negative ndi pa thupi la galimoto, ina pa injini. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo muona kuti ndi earth.

A Gondwe:
Apo ndiye mwanena chinthu chogwirika, madala. A Nkhoma, sitata munaikayo ndi yatsopano kapena ndi yokonzedwanso ya pa Jules Street? Ngati ndi yokonzedwanso, muigwedeze bauti ya terminal 30 ndi chala muone ngati sikuzungulira pamodzi ndi nati.