Zithunzi zitatu sizikuoneka pa webusaiti, ndithandizeni

Abale, ndigawireni nzeru. Ndikupangira achemwali anga webusaiti ya bizinesi yawo ya zitenje, HTML (chilankhulo cholembera masamba a webusaiti) ndikulemba ndekha. Pa laputopu yanga zonse zimaoneka bwinobwino, koma nditakweza mafayilo pa seva (kompyuta yosunga webusaiti pa intaneti), m'malo mwa zithunzi mumangobwera timabokosi topanda kanthu.

Ndinapeza kuti mu src (malo a mu HTML olembapo adiresi ya chithunzi) ndinalemba adiresi imene imayamba ndi C:\Users, imene imadziwika ndi kompyuta yanga yokha. Nditasintha kukhala zithunzi/chitenje1.jpg, zambiri zinabwera. Zitatu zakanabe mpaka pano. Chimodzi dzina lake ndi Chitenje4.JPG, pomwe mu HTML ndinalemba ndi zilembo zazing'ono zokhazokha. Kodi vuto n'limeneli, loti seva ya Linux imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pomwe Windows silabadira?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri n'kulemera kwa zithunzizi. N'zojambula pa foni, mapikiselo 4000 m'lifupi, chilichonse kupitirira 3 MB, pomwe makasitomala ambiri amatsegula ndi kabandulo kochepa. Pochita export mu GIMP (pulogalamu yokonzera zithunzi), ndizichepetse mpaka mapikiselo 1200? Nanga ndisankhe mtundu wa fayilo wa JPEG kapena wa WebP? Nditatsitsa quality ya JPEG kufika pa 50, maluwa ofiira a pa chitenje anaoneka ngati asuluka m'mbali, chonsecho munthu amagula chitenje chifukwa cha mtundu wake.