Andikaniza viza kawiri, kodi vuto ndi pasipoti yathuyi?

Moni nonse abale anga. Ndili ku Ulongwe kuno ku Angónia. Achemwali anga amakhala ku Ulaya ndipo anandiitana kuti ndikawachezere masabata atatu, koma viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, andikaniza kawiri. Chifukwa n'chimodzimodzi: akuti sakukhulupirira kuti ndidzabwerera.

Ulendo wachiwiri ndinapereka kalata yondiitana, inshuwalansi ya mayuro 30,000 ndi sitetimenti ya kubanki. Mayuro 90 olipira popempha viza sabweza, ndipo mtima umandiwawa. Ine ndimalima kachewere n'kukagulitsa ku Tete, kalata ya abwana ndiitenga kuti? Ndalama zanga zambiri zimadutsa pa M-Pesa.

Kodi alipo mlimi wa pasipoti ya Mozambique amene anapatsidwa viza? Munaonetsa mapepala ati? Kapena akangoona dziko lathu amakaniratu?