Romeo ndi Juliet pabwalo ku Ulongwe: tidule pati?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, gulu lathu lili ndi anthu 9. Holo tilibe, magetsinso tilibe. Tikufuna kuchita sewero la Romeo ndi Juliet m'Chinyanja pabwalo la sukulu mwezi wa Juni. Tilifupikitse bwanji? Nanga khonde lam'mwamba la Juliet timange ndi chiyani? Chilolezo chikufunika?

NaPhiri wa ku Domue:
Aphunzitsi, Shakespeare, yemwe adalemba seweroli, adamwalira mu 1616, choncho nkhaniyo simupempha kwa munthu, bola mawu a Chinyanjawo akhale anuanu. Sewero lonse limapitirira maola awiri, koma anthu okhala pansi sapirira kuposa ola limodzi. Musadule phwando, khonde, ukwati wamseri, ndewu, mankhwala ogonetsa ndi kumanda. Musachotse za kalata yonena kuti Juliet sadafe koma wangogona, yomwe sidafike kwa Romeo ku Mantua, mzinda womwe adathawirako, apo ayi anthu sadzamvetsa chomwe wadziphera.

Anthu 9 akwana. Mercutio, mnzake wa Romeo, ndi Tybalt, msuweni wa Juliet, amafa pakati pa sewero, ndiye mmodzi abwerenso ngati wogulitsa poizoni, winayo ngati wonyamula kalata. Asinthe chipewa ndi kayendedwe, chifukwa ana amakuwa kuti wakufa uja wadzuka.

Chisale wa ku Zóbuè:
Khonde musavutike kukhoma matabwa, bwerekani ngolo. Matayala onse awiri muwatsekere ndi miyala uku ndi uku, ndipo muchirikize ndi zitsa kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mukachirikiza kutsogolo kokha, Juliet akangosunthira kumbuyo ngolo imadzuka n'kumugwetsa. Kutsogoloko kulungani zitenje ziwiri.

Yambani 2 koloko masana. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 6, ndipo chisanu cha ku Angónia mukuchidziwa. Oonera afulatire dzuwa kuti liziwala kumaso kwa osewera, ndipo kumbuyo kwa osewerawo kukhale khoma la kalasi, limabweza mawu mphepo ikamaomba. Poyeserera, wina aime mapazi 30 kutali. Mawu amene sakuwamva abwerezedwe mpaka amveke.

Pa ndewu ndi pomwe anthu amavulala. Malupanga akhale ansungwi, kunsonga mutakulunga nsanza. Zikwapu ziwerengedwe, zisanu basi, ziloweze pang'onopang'ono kaye. Aliyense azimenya ndodo ya mnzake, osalunjika kumaso. Anyamata akamva anthu akukuwira amawonjezera zawo, muwaletse zimenezo kuyambira tsiku loyamba.

Mayi Banda a ku Furancungo:
Chimodzi chokha, aphunzitsi. M'sewerolo Juliet sadakwanitse zaka 14, ndipo bambo ake akumukakamiza kukwatiwa ndi mwamuna wina dzina lake Paris. Kuno ku Mozambique lamulo la 2019 lidaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Gawo limene bamboyo akumuopseza kuti amuthamangitsa pakhomo musalidule, ndipo wosewera ngati bamboyo asalisandutse nthabwala. Makolo ambiri adzadziona pamenepo. Mukamaliza, apatseni mpata anyakwawa ndi ankhoswe alankhulepo anthu asanabalalike.