Kukubwera woimba nyimbo za country kunyanja kuno, tiyembekezere zotani?

Che Saidi, Mangochi boma:
Akuluakulu, Loweruka likudzali pa loji ina ya njira ya ku Monkey Bay kukubwera woimba nyimbo za country zachikale zija, za mtundu wa Jim Reeves ndi Don Williams. Ndikufuna ndipite ndi bambo anga, amazikonda kwambiri. Kodi zimakhala zovina kapena zokhala pansi? Nanga tinyamuke nthawi yanji?

Anaphiri:
Che Saidi, bambowo akakhala pampando, musade nkhawa. Country yachikale ndi yomvera mawu. Nyimbo imodzi imatha mphindi zitatu kapena zinayi, zambiri zimayenda pa makodi (magwiridwe a nsambo za gitala) atatu okha, koma chimene chimagwira mtima ndi nkhani yake: banja latha, mowa, kusowa kumudzi, Mulungu. Pakati pa nyimbo woimbayo amacheza ndi anthu, kufotokoza mmene nyimboyo inabwerera, ndipo okhala kutsogolo amakhala phee. Ovina alipo, koma amavina awiriawiri, mwapang'onopang'ono, makamaka ikafika ya waltz yowerenga katatu.

Bandi yokwanira imakhala ndi gitala wopanda magetsi, besi, ng'oma zoombedwa ndi timatsache ta waya m'malo mwa timitengo, vayolini amene iwo amati fiddle, ndi pedal steel. Ameneyu ndi gitala wogonekedwa pa miyendo inayi ngati katebulo, wa nsambo 10 pakhosi limodzi. Woimba amakhala pansi, n'kumatsetsereketsa kachitsulo kosalala pansambo, kwinaku akuponda mapedo ndi kukankha timipini ndi mawondo. Kulira kuja kumene bambo anu amamva pa wailesi n'komweko. Kuno kwathu chida chimenechi n'chosowa, ambiri amachitsanzira pa kiyibodi. Musanagule tikiti funsani ngati kuli bandi kapena woimbayo azingoimbira pa matiraki, nyimbo zojambuliratu za pa laputopu, chifukwa kukoma kwake n'kosiyana kutali.

Ndipo akamati "achikale" akunena za kaimbidwe ka ku Nashville, mzinda wa ku America kumene pulogalamu ya pa wailesi ya Grand Ole Opry inayambira mu 1925. Jim Reeves anamwalira pangozi ya ndege mu 1964, Don Williams anaimbako ku Harare mu 1997 n'kumwalira mu 2017, choncho anthu adzapempha nyimbo zawo ndithu. Lembani pakapepala dzina la nyimbo, mupatse wa bandi nthawi yopuma. Kukuwa muli pampando sikuthandiza.

Mjomba Wamawaya:
Ine ndiyankhe za mawu. Kuimbira pamchenga kuli ndi mavuto ake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera, ukalowa m'maikolofoni mumangomva huu, mawu a woimba n'kumira. Ngati maiki alibe kachipewa ka siponji, dziwani kuti zivuta. Chinyezi cha panyanja dzuwa likalowa chimasokonezanso nsambo, ndiye mukaona woimba akukonza gitala pakatha nyimbo ziwiri zilizonse, si kusadziwa ntchito.

Malo abwino ndi pafupi ndi tebulo la wosakaniza mawu, chifukwa iye amakonza zonse malinga ndi zimene akumva pamene wakhalapo. Pafupi ndi masipika besi imaphimba mawu, ndipo kwa munthu wamkulu makutu amalira mpaka mawa. Pewaninso mbali imene aikako jenereta. Magetsi akazima pamadutsa mphindi zingapo asanalumikize, koma woimba wodziwa amangopitiriza ndi gitala wopanda magetsi uja, anthu n'kusendera pafupi. Nthawi zina pamenepo ndi pamene pamakoma kuposa shoo yonse.

Mayi Abiti Juma:
Za nthawi: chikwangwani chikanena 2 koloko masana, mwini shoo amakwera kutada, oimba ena atayamba kutenthetsa. Fikani cha m'ma 4 kuti bambo apeze mpando wotsamira. Tengani juzi ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Ndalama zina zikhale m'thumba, netiweki ikavuta Airtel Money ndi Mpamba sizidutsa pageti. Chambo itanitsani msanga, chimatha. Chachikulu ndi ulendo wobwerera: usiku maminibasi a ku boma amasowa, ndipo kabaza wa njinga yamoto mumdima pamsewu umenewo si wa munthu wachikulire. Panganani ndi wa takisi masana, mugwirizane mtengo, mutenge nambala yake.

Che Saidi:
Zikomo nonse. Mawa ndiwaimbira a pa lojiyo kufunsa za bandiyo, ndi za mipando.