Kodi mawu a Chingerezi akuti boycott anachokera kuti?

NaBanda:
Ndikupempha thandizo kwa odziwa mbiri ya Chingerezi. Mawu akuti boycott timawamva kawirikawiri pa wailesi, makamaka chipani chikakana kutenga nawo mbali pa chisankho, kapena ogula akagwirizana zosiya kugula katundu wa kampani inayake. Kodi mawuwa anachokera kuti, ndipo amasiyana bwanji ndi strike, popeza m'Chichewa zonse ziwiri timangoti kunyanyala?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi NaBanda, mawuwa ndi dzina la munthu. Charles Boycott anali Mngelezi amene poyamba anali msilikali, kenako anayamba kuyang'anira minda ya mwini malo wotchedwa Lord Erne pafupi ndi nyanja ya Lough Mask, m'chigawo cha Mayo ku Ireland. Ntchito yake inali yotolera lendi kwa alimi osauka amene ankalima m'mindamo. M'chaka cha 1880, zokolola zitavuta, alimiwo anapempha kuti lendi itsike ndithu, koma pempho lawo linakanidwa ndipo Boycott anayamba kukonza zochotsa pamalopo amene analephera kulipira.

Mu September chaka chomwecho, Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wa Land League, bungwe lomenyera ufulu wa alimi obwereka minda ku Ireland, anauza msonkhano m'tauni ya Ennis kuti munthu wotenga munda wa mnzake amene wathamangitsidwa asamumenye, koma amusale kulikonse, pamsika ngakhale kutchalitchi. Anthu a ku Mayo anachita zimenezi kwa Boycott mwiniwake. Antchito ake a m'munda ndi a m'nyumba anachoka, eni masitolo anakana kumugulitsa zinthu, ndipo wosula zitsulo ndi wochapa zovala anasiya kumugwirira ntchito.

Chisale wa ku Dublin:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma chimene chinatchukitsa dzinali ndi nkhani yokolola. Mu November 1880 kunabwera amuna pafupifupi 50 ochokera m'zigawo zina za ku Ireland, Cavan ndi Monaghan, kudzakolola mbewu za Boycott, ndipo boma linatumiza asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000 kuti awateteze. Ndalama zimene zinapita pa chitetezocho zinaposa kutali mtengo wa zokololazo. Manyuzipepala a ku London ndi a ku America ankalemba nkhaniyi tsiku ndi tsiku, moti chakacho chisanathe dzinali linali litasanduka mneni. Boycott anachoka ku Ireland mu December, koma mawuwo anapitirira kulowa m'zinenero zina: Afalansa amati boycotter, Ajeremani amati boykottieren.

Mphunzitsi Wopuma:
Zikomo Bambo Chisale. Pa funso lachiwiri lija, strike amachita ndi antchito akasiya kugwira ntchito pofuna kuti abwana awo amve madandaulo awo, pamene boycott angachite aliyense amene wasankha kusagula, kusakwera, kusavota kapena kusapezeka pamsonkhano. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Montgomery, ku America, kumene kuyambira mu December 1955 anthu akuda anakana kukwera mabasi kwa nthawi yoposa chaka, mayi wakuda dzina lake Rosa Parks atamangidwa chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando m'basi. Madalaivala ankagwirabe ntchito, koma okwera ndi amene anasowa. Ine ndimaona kuti mawu athu akuti kusala ndiwo akufanana kwambiri ndi zimene zinachitika ku Mayo, chifukwa kumeneko anakana munthu, osati katundu chabe. Kunyanyala kumayenera bwino pa tanthauzo la masiku ano, malinga wolemba atchule chimene anthuwo akunyanyala.